Dzina la Mwana wa Enelesi

Kalekale, osati kale la mikondo ndi zishango ayi, koma kale la dzana lomweli, mafoni atalowa kale m'matumba a anthu, pa esiteti ina ya tiyi m'tsinde mwa phiri la Mulanje panali mayi wina dzina lake Enelesi Namakhwa. Ankagwira ntchito m'fakitale, pa makina oumitsira tiyi, ndipo ankakhala m'nyumba ya kampani ku malaini. Mwamuna wake anapita ku Joni atamusiya ndi pakati pa miyezi iwiri, ndipo chipitireni kunali zii. Ntchito ija ndiyo inkamudyetsa, ndiyonso inkamupatsa pogona.

Chaka chimenecho kampani inabweretsa pulogalamu ya pakompyuta yosunga mauthenga onse a pantchito. Bwana akalamula, zilembedwe. Wantchito akadandaula, zilembedwe. Pulogalamuyo inkasunga dzina la wonena, tsiku ndi ola, ngakhalenso dzina la amene watsegula uthengawo pafoni yake. Antchito anaitcha Kazitape, ndipo ankadana nayo koopsa. Pajatu pa esitetipo mwambo unali wakuti vuto umakalinena pakamwa kwa kapitawo wako, utanjuta ndi kutsitsa mawu. Kulilemba kunali ngati kumuneneza mkulu wako kwa mabwana.

Tsiku lina Enelesi anamva lamba wa makina akulira mwachilendo. Anapita ku ofesi kumene kunali kapitawo wake, a Mpulula, n'kunjuta pakhomo.

"Pepani a kapitawo, lamba uja sakumveka bwino. Akununkhanso ngati akupsa."

"Tamva, mayi. Tiwauza amakaniko. Pitani mukagwire ntchito."

Patapita masiku asanu ndi anayi, lamba anaduka, moto unabuka, tiyi wa tsiku lonse anapsa. Palibe anavulala, koma makina anaima milungu itatu. Manijala anafunsa a Mpulula ngati alipo amene anachenjezapo, ndipo iwo anayang'ana pansi n'kunena kuti sakukumbukira. Manijala anatsegula Kazitape pa mndandanda wa madandaulo oyembekezera kukonzedwa, koma za lamba munalibemo. Enelesi analandira kalata yomuitanira ku mlandu Lachisanu. Akapezeka kuti analekerera makina, ntchito yatha, ndipo nyumba atulukemo pasanathe sabata. Apa n'kuti pakati paja patakwana miyezi isanu ndi itatu. Enelesi anachita mantha kwambiri, poti sankadziwa kumene akalowere ndi khanda.

Tsono tamverani za anthu atatu amene anamuwombola.

Woyamba anali kalaliki wa mu ofesimo, Mayi Felisita Muhiwa, munthu amene mano ake anthu ankangowaona akamadya chimanga chootcha. Ku malaini ankamunena kuti ndi mkazi wake wa Kazitape. Enelesi yemweyo, Felisita anamulembapo kawiri kuti wachedwa, chonsecho ankachokera ku sikelo. Koma tsiku limene Enelesi ananjuta pakhomo lija, Felisita anali pa desiki yake, anamva zonse, ndipo anazilemba popanda womutuma. A Mpulula anamuletsa kuti, "Zisiyeni izo, tamva kale." Iye anangoyankha kuti, "Zanenedwa mu ofesi muno, ndiye zilembedwa." Lachitatu, mlandu utatsala masiku awiri, anakumana ndi Enelesi pa mpopi n'kumuuza osamuyang'ana n'komwe:

"Achemwali, ine mawu anu aja ndinalemba. Kumene apita sindikudziwa, ndipo kwa manijala sindipitako, si ntchito yanga. Koma ndinalemba."

Wachiwiri anali katswiri wa makompyuta, a Layitoni Chikopa, amene ankabwera kamodzi pa mwezi kuchokera ku likulu la kampani ku Blantyre. Tsiku lawo lobwera linali Lachinayi, ndipo m'mawa wake Enelesi anawadikirira pa geti.

"Achimwene, akuti mawu anga analowa m'makina anuwo, koma sakuoneka. Kodi makina amamezanso mawu?"

A Chikopa anakanda m'mutu. Lamulo linkawaletsa kutsegula mauthenga a anthu popanda kalata ya manijala, ndipo manijala anali atanena kale kuti nkhaniyo njachidziwikire. Komabe anayang'ana miyendo yotupa ya mayiyo, n'kunena kuti, "Khalani pamthunzi apo, mayi." Anafufuza kuyambira m'mawa mpaka dzuwa litapendeka, osadya kanthu. Anaupeza uthengawo pakati pa mauthenga zikwizikwi a nkhani zotsekedwa. Unkasonyeza kuti a Mpulula anautsegula pafoni yawo tsiku lomwelo, n'kudina batani loti "zatheka". Tisabise mawu apa: amene anakonza kuti uthenga wotere uzichoka pamaso pa mabwana anali a Chikopa omwewo, ati pofuna kuti mndandanda uzioneka waukhondo. Anasindikiza pepala n'kumupatsa Enelesi, ndipo mwezi wotsatira analandira kalata yowachenjeza.

Enelesi analowa mu mlandu Lachisanu atagwira pepala lija ndi manja awiri, mtima utakhalako m'malo. Manijala analiwerenga, n'kuliika pambali.

"Pepalali latengedwa popanda chilolezo. Komanso likunena kuti zinatheka, kutanthauza kuti lamba anakonzedwa. Ngati anayambiranso kulira, bwanji simunabwerenso kudzanena?"

Enelesi anayang'ana pepala lake lija. Akanabwereranso bwanji kwa mkulu amene wanena kale kuti tamva? Kumeneko kukanakhala kumukayikira.

Wachitatu ndiye anaimirira pamenepo, ndipo anali a Mpulula. Anali atagwira ntchito pa esitetipo zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi, kutatsala ziwiri zokha kuti apume mwaulemu. Palibe anawafunsa kanthu, ndipo akanangokhala chete nkhani ikanathera pomwepo. Anavula chipewa n'kuchipinda m'manja.

"Bwana, lamba uja sanakonzedwe. Batani lija ndinadina ndine, kuti foni isiye kundikumbutsa. Ndinkati amakaniko ndiwauza mawa, mawalo n'kubala mawa linzake. Mayiyu mbali yake anachita. Tsiku munandifunsa lija ndinanama kuti sindikukumbukira."

Zengerezu adalinda kwawukwawu. A Mpulula anawavula ukapitawo n'kuwatumiza kumunda, kukathyola tiyi ndi dengu kumsana limodzi ndi anthu amene dzulo lake ankawanjutira. Enelesi anabwerera pa makina ake, ndipo nyumba ija inakhalabe yake.

Patapita milungu inayi, anabereka mwana wamkazi wonenepa bwino. Mchombo utagwa, tsiku lotuluka m'chikuta litakwana, amalume ake a Enelesi anabwera kuchokera kumudzi n'kunena kuti:

"Bambo a mwanayu kulibe, akuchimuna nawonso sanatumize ngakhale moni. Ndiye amene anakusungira dengali ndi amene atche dzina. Koma dziwa kuti mwana satchedwa ndi pakamwa pawiri."

Enelesi anaphika thobwa n'kuitana onse atatu. Anabweradi. Felisita anakhala pampando ali nyomi, chikwama pamiyendo, ngati wabwera kudzalemba ochedwa. A Chikopa anachoka ku Blantyre pa minibasi atanyamula kabulangete ka mwana. A Mpulula anakana mpando n'kukhala pansi kumapeto kwa khonde, zala zitada ndi utomoni wa tiyi.

Anthu a ku malaini anayamba kunong'onezana. Ena amvekere wotcha dzina akhale Felisita, chifukwa akanapanda kulemba, a Chikopa akanafufuza chiyani? Anzawo n'kuwatsutsa kuti uyo anangochita zomwe amachita tsiku lililonse, ndipo sanataye kanthu. Ena anati atche a Chikopa, poti mawu okwiririka ali chimodzimodzi ndi mawu osanenedwa. Koma wina anakumbutsa kuti dzenje lokwiriramo mawuwo anakumba ndi iwo omwe, ndipo pepala lawo manijala analiika pambali. Achikulire anati atche a Mpulula, chifukwa ndiwo okha amene analipira ndi ulemu wawo wonse. Amayi ena anaseka chikhakhali, ati kodi munthu akakukankhira m'chitsime kenako n'kukuponyera chingwe, umamuthokoza?

Enelesi ankamva zonsezi. Onse atatu ankawayamika kuchokera pansi pa mtima, ndipo aliyense anali ndi kanthu kamene sanakaiwale. Anaimirira, mwana ali m'manja, n'kutsika pakhonde. Anayang'ana kalaliki, anayang'ana katswiri, anayang'ana kapitawo wakale uja.

Ine miyendo ya nkhaniyi yandithera pomwepa, ndipo mwana akudikira dzina. Tsono inu amene mwamva, tandiuzani: Enelesi amuike mwanayu m'manja mwa ndani, amene analemba mawu, amene anawafukula, kapena amene anawabisa kenako n'kuwavomera?