Timaphukusi Titatu ta Kambalame

Kalekale, pamudzi wina wa m'mbali mwa dambo panali chitsime chimodzi chokha, madzi ake ofiira ngati manja a woumba njerwa. Pamudzipo panali mkamwini, dzina lake Kambalame. Anakakhala ku migodi ya ku Joni zaka zisanu. Anabwerako wopanda njinga, wopanda bulangete, wopanda ngakhale mpango wa apongozi. Anangobwera ndi timaphukusi titatu ta mchere woyera.

Womugulitsa anali atamuuza kuti, "Wina umamiza matope, wina umatsegula m'mimba, wina ngwomatira khoma, susungunuka. Uziyamba walawa." Koma panjira Kambalame anaiwala kuti uti ndi uti.

Linafika tsiku la chinkhoswe cha mlamu wake. Kambalame anati mumtima, "Lero aleka kundiyesa munthu wobwera chimanjamanja." Anaitana anthu pamtsuko.

Mkazi wake Nabanda anamunong'oneza: "Bambo ake, mwalawa?"

"Ndinyambite pamaso pa apongozi ngati mbuzi? Khala chete, mayi iwe."

Anathira woyamba. Anatakasa, anatakasa, anatakasa. Mcherewo unangokhala pansi, phee.

"Alamu, mwatigulira ufa wa ku Joni?" anatero wina. Anthu anaseka.

Anathira wachiwiri, phukusi lonse. Uwu unasungunuka osatsalako n'kambewu komwe. Madzi anali ofiirabe, koma iye anati, "Mwaona? Walowa! Litsiro lafa. Apatseni alendo."

Madziwo anali owawa ngati ndulu. Koma mlendo salavula madzi a eni mudzi. Anamwa ankhoswe, anamwa akuchimuna, anamwa apongozi. Kambalame mwini anamwa zikho ziwiri kuti aonetse chitsanzo.

Nkhuku isanagawidwe, ankhoswe anaimirira. "Tikubwera." Wina anatsatira. Wina sanatsanzike n'komwe. Bwalo linatsala ndi mphasa zokha.

Kambalame naye anathamangira kuthengo. Pachitsamba chimene anasankha anapezapo apongozi ake aakazi, amene chikwatire anali asanawayang'anepo kumaso.

"Pitirirani, bambo," anatero mayiwo. "Pano pali anthu."

Mmawa Nabanda analawa mchere wachitatu, unamumanga lilime. Anathira pang'ono mumtsuko. Matope anatsika, madzi anayera mbee. Anazungulira nawo mudzi wonse, koma palibe anatambasula dzanja. Atabwerera kunyumba anapeza mphasa ya mwamuna wake palibe. Anali atathawa, kudzera kuseri kwa nkhokwe.

Mwamva, anzanga? Manyazi aang'ono ukawathawa, aakulu amakudikira kuthengo. Zoyera sizifanana, yamba walawa.

Yanga yathera pompa. Amene anasiya mbatata paphulusa akaiphule.