Mmene Nkhasi Anawolotsera Khoswe

Kalekale, pakati pa nyanja yaikulu yamchere, panali kachilumba komwe ankakhalako Tsekwe ndi Nkhasi, ndipo awiriwa sankamwerana madzi. Tsekwe anali wapakamwa polasa. Chimene waona ankachinena pomwepo, osayang'ana kuti pali ndani. Nkhasi, kamba wa m'madzi uja, anali wosunga mkwiyo. Liwu limodzi loipa ankatha kulisenza chaka chathunthu ngati mmene amasenzera chigoba chake.

Chilumbacho chinali chabata, cha mchenga woyera mbuu, mitengo ya kanjedza ndi migwalangwa, komanso kasupe wozizira pansi pa thanthwe. Kunalibe njoka, kunalibe galu, kunalibe chilichonse chokhala ndi mano. N'chifukwa chake mbalame zinkaikira mazira pansi penipeni, n'kupita kosaka chakudya mtima uli m'malo. Lamulo la kumeneko linali lakuti wofika afike ndi mapiko ake kapena zipsepse zake, koma wochita kunyamulidwa ayi.

Tsiku lina m'mawa, Nkhasi ankakumba dzenje loti aikiremo mazira ake. Mchenga umene ankaponya kumbuyo unagwera m'chisa cha Tsekwe. Tsekwe analumpha nthenga zili nyankhalala.

"Iwe Nkhasi, maso ulibe kodi?" anakuwa Tsekwe. "Mchenga wonsewu m'chisa changa? Wobwera iwe, umangotulukira kuno nthawi yoikira, ukatero zii! Phunzira kulemekeza eni malo."

"Ine wobwera?" anatero Nkhasi. "Ine ndinaswedwa mumchenga uno agogo ako asanamere nthenga!"

"Mwini malo amagona pamalo pake," anayankha Tsekwe. "Iwe ndi chikuni chokokoloka n'chimodzimodzi."

Mbalame zimene zinali pafupi zinaseka chikhakhali. Nkhasi anaikira mazira ake, n'kuwakwirira bwinobwino, kenako phava m'madzi. Anasambira mtima ukuwira mpaka kukafika kumtunda, pa dooko la asodzi, akung'ung'udza njira yonse.

Pansi pa bwato lina lobooka panali Khoswe, wowonda, mchira wake woduka theka chifukwa cha amphaka a padookopo. Khosweyu anali ndi lilime lotsekemera kuposa nzimbe. Atamva kung'ung'udza kuja, anatulutsa mutu n'kuwomba m'manja mwaulemu.

"Azakhali, wakulakwirani ndani? Madzi akuchita kutentha ndi mkwiyo wanu."

Nkhasi anakhuthula zonse, ndipo Khoswe ankangopukusa mutu. Koma pamene Nkhasi anatchula za mbalame zoikira mazira pansi popanda mlonda, ndevu za Khoswe zinagwedezeka.

"Ha! Tsekwe kunena inu chonchi?" anatero Khoswe. "Azakhali, mwini mudzi amadziwika ndi alendo. Wobwera saitana mnzake. Mutafika kumeneko ndi mlendo wanuwanu, ndani angakutcheninso chikuni?"

"Lamulo la kwathu limakana wonyamulidwa," anatero Nkhasi.

"Lamulo la kwanu, kapena la Tsekwe? Ine ndingokaona ndi maso, ndipumuleko phokoso la pano, mawa lomwe mundibweze. Komabe ngati mumamuopa Tsekweyo, basi, musavutike."

Liwu lakuti kuopa linamulasa Nkhasi ngati minga. Anasendera kufupi ndi mchenga n'kutsitsa msana wake. "Kwera," anatero.

Ulendowo unali wowawa. Nkhasi anazolowera kumira pansi pomwe madzi ndi odekha, koma tsopano anayenera kuyandama pamwamba, dzuwa likumuwotcha chigoba, mafunde akumumenya kumaso. Khoswe anamukanirira ndi zikhadabo m'khosi, akulira mayo funde lililonse likabwera. Mtunda utazimiririka kumbuyo, mphepo inaleka, ndipo mantha a Khoswe anatha.

"Azakhali," anafunsa Khoswe akunyambita milomo, "mazira a Tsekwewo ndi aakulu bwanji? Nanga inuyo anu mumakwirira mozama?"

Nkhasi anayamba kukayika. Mlendo wongofuna kupuma afunsiranji za mazira? Anayamba kupalasa ndi chipsepse chimodzi, kukhota pang'onopang'ono kuti abwerere kudooko kuja. Nthawi yomweyo kumwamba kunamveka mapiko: anali Tsekwe, amene anawaona ali patali.

"Chitsiru cha nkhasi!" anakuwa Tsekwe akuzungulira pamwamba pawo. "Wasenza chiyani pamsanapo? Mano akewo sukuwaona? Mutu wako ndi wouma ngati chigoba chakocho. Bweza chinthucho msanga, ndakulamula!"

"Wandilamula?" anatero Nkhasi. "Chilumbacho anakusiyira ndi bambo ako?"

"Mwamva, azakhali?" ananong'oneza Khoswe. "Mukabwerera pano, akauza aliyense kuti munathawa mawu ake."

Nkhasi anawongola mutu n'kulozanso kuchilumba. Anapalasa mwamphamvu kuposa kale, thovu lili tuu kumbuyo kwake. Tsekwe anawatsata akutukwana mpaka mawu anasasa, koma mawu aliwonse achipongwe ankangomuwonjezera Nkhasi liwiro.

Atafika, Khoswe anatsika n'kugubuduka pamchenga wofunda uja. Anamwa madzi a pakasupe, n'kudya zipatso za kanjedza zakugwa zokha. Anapereka moni kwa mbalame iliyonse atanyonyomala, mpaka zina zinayamba kunena kuti Tsekwe amangokonda kukokomeza zinthu. Nkhasi anayenda naye paliponse khosi lili m'mwamba, akunena mokweza kuti, "Uyu ndi mlendo wanga."

Kutacha, Nkhasi anamuuza kuti nthawi yobwerera yakwana. Khoswe anagwira mutu n'kunena kuti mafunde adzulo amupatsa chizungulire. Mawa lake anati mwendo watupa, mkuja wake anati kumwamba kukuoneka ngati kuli namondwe. Apo n'kuti mimba yake ikukula ndipo ubweya ukusalala.

Woyamba kulira anali Kakowa, mbalame yofatsa imene sinkakangana ndi aliyense. Anabwera kuchokera kosaka nsomba n'kupeza m'chisa muli zikhokhombe zokhazokha. Anapita kwa Nkhasi mapiko ali lende.

"Mayi Nkhasi, sindikuloza chala munthu," anatero Kakowa. "Koma chibadwire changa dzira silinasowepo pachilumba pano. Tamufunsani mlendo wanuyu."

Tsekwe sanadikire kuti wina afunse. Anaitana mbalame zonse pansi pa mgwalangwa waukulu n'kuloza Khoswe ndi mlomo. "Wakuba ndi uyu, ndipo wotibweretsera tsokali ndi gogo wopanda nzeruyu!"

"Ine mazira amandiyabwa pakhosi," anatero Khoswe misozi ili lengelenge. "Bwanji osafunsa nkhanu? Ndimaziona zikuyendayenda cham'mbali ngati zili ndi mlandu."

Nkhasi anayang'ana mlendo wake ndipo anaona kadontho kachikasu kataumira pandevu zake. Anadziwa. Koma anayang'ananso Tsekwe, amene anali chiimire kudikira kuti amve Nkhasi akugonja pamaso pa onse.

"Mlendo wanga sadya mazira," anatero Nkhasi. "Amene akufuna kumuthamangitsa ayambe wathana ndi ine."

Msonkhano unathera m'phokoso. Kuyambira tsiku limenelo bata linatha pachilumbapo. Mbalame zinkaopa kuchoka pazisa mpaka zina kukomoka ndi njala, ndipo iliyonse imene yauluka kukamwa madzi inkapeza mazira achepa. Anansi amene kale ankagawana nsomba anayamba kujomphana ndi kunamizirana.

Kenako linafika tsiku la Tsekwe. Ludzu litamukulira masana, anathamangira kukasupe, ndipo pobwerera anapeza mazira ake onse obooledwa, ana amene anatsala pang'ono kuswedwa ali kwala pamchenga. Kulira kwake kunamveka chilumba chonse. Anamupeza Nkhasi m'mphepete mwa madzi n'kuyamba kumumenya ndi mapiko pachigoba.

"Ana anga! Wandiphera ana anga chifukwa cha mchenga wa m'chisa?"

Nkhasi anabweza mutu m'chigoba. Ankaganiza kuti tsiku limene Tsekwe adzalire iye adzakondwa, koma sanakondwe ngakhale pang'ono. Anakumbukira funso lija la pakati pa nyanja, ndipo anayamba kukwawa mofulumira kupita kumene anakwirira mazira ake.

Anapeza dzenje lili pululu. Zikopa za mazira zinali mbwee pamchenga, nyerere zitaunjikana. M'katimo munali Khoswe, chagada, akutokosa m'mano ndi kamtengo.

"Mazira anga!" anafuula Nkhasi. "Iwe, ndinakusenza pamsana panga! Ndinakuikira kumbuyo pamaso pa mbalame zonse!"

"Azakhali, musakuwe, mungadwale," anatero Khoswe. "Dzira ndi dzira, mimba sidziwa chibale. Ndiponso tisanamizane: munandinyamula chifukwa chondikonda? Inu munkafuna ndodo yomenyera Tsekwe. Ndodoyo yagwira ntchito yake."

Nkhasi anadziponya kuti amulume, koma pamtunda nkhasi ndi mtolo. Khoswe anangolumpha kamodzi n'kulowa mumng'alu wa thanthwe. Nkhasi anamenyetsa chigoba chake pamwalapo mpaka m'mphepete munathetheka, koma thanthwe silinasunthe. Atatopa anayesa kufewetsa mawu.

"Tuluka, mwana wa mlongo wanga. Tiye ndikubweze kwanu."

Khoswe anaseka ali m'katimo. "Ndikwere pamsana pa mayi amene ndamudyera ana? Pakati pa nyanja paja mukangomira kamodzi, nkhani yatha. Ine ndi pano, azakhali. Malo ano ndawakonda."

Mbalame zinasonkhana n'kuzinga thanthwelo. Zinajompha m'ming'alu mpaka milomo kutuluka magazi, zinasinthana kulondera, koma pansi pa mwalawo panali njira zambiri. Zikamadikira uku, Khoswe ankatulukira uko n'kuba dzira lina. Pamapeto pake Kakowa ananena zimene aliyense ankaopa kunena, kuti pachilumbapo sipangaikidwenso dzira.

Tsekwe anapeza Nkhasi atakhala pafupi ndi dzenje lake lopanda kanthu. Onse awiri maso anali otupa.

"Ndinanena ine," anatero Tsekwe.

"Unanenadi," anayankha Nkhasi. "Wonyamula ndine, ndipo mlanduwu ndidzafa nawo. Koma dziwa ichi: pamene unkafika pakati pa nyanja paja, n'kuti nditayamba kale kukhota kuti ndimubweze. Ukanangoti, 'Mnzanga, taganizira ana athu,' bwenzi lero tonse tili ndi ana."

Tsekwe anatsegula mlomo kuti abweze mawu monga mwa nthawi zonse. Anayang'ana zikopa za mazira zija, n'kuyang'ana kumene kunali chisa chake. Anatseka mlomowo, n'kutambasula mapiko, ulendo.

Chaka chimenecho palibe kamwana ka nkhasi kamene kanathamangira kumadzi, ndipo palibe mwanapiye amene anaphunzira kuuluka pachilumbapo. Mbalame zinabalalika, zina kumatanthwe otentha opanda mthunzi, zina kumtunda kumene kuli agalu ndi ana oponya miyala. Tsekwe anakamanga chisa m'bango la m'dambo lina, komwe ankagona diso limodzi lili pululu.

Khoswe anatsala yekha ndi chilumba chonse. Mazira atatha anabwerera ku zipatso za kanjedza, ndipo nyengo yake itapita anayamba kutafuna makungwa. Nthiti zinayambanso kuonekera. Tsiku lina anaona chigoba chothetheka m'mphepete chikudutsa patali, ndipo anathamangira kumadzi akukuwa.

"Azakhali! Azakhali, ndine mlendo wanu uja! Ndakonzeka tsopano, ndibwezeni kwathu!"

Nkhasi anatulutsa mutu n'kumuyang'ana nthawi yaitali. Anayang'ananso mchenga woyera umene iye anaswedwamo, umene sakanaukumbanso. Kenako anamira.

Anasambira maulendo ataliatali kufunafuna gombe lina loti aziikirako, ndipo kulikonse kumene anafika anali mlendo weniweni. Akuti n'chifukwa chake nkhasi ikatuluka m'nyanja kudzaikira mazira, imakumba misozi ikutsika m'masaya.

Phunziro: Usalowetse mdani m'mudzi pofuna kukhaulitsa mnansi wako, pakuti akatha kudya za mnzakoyo adzatembenukira kwa iwe. Nawenso wochenjeza mnzako, sankha mawu: chilungamo chonenedwa mwachipongwe chimamukankhira munthu m'dzenje lomwe ukumuletsalo.