Khola la pa Dibi Lakale

Gabrieli wa ku Chipangali anali atatopa. Chaka ndi chaka chiswe chinkamudyera mitengo ya khola, iye n'kumabwerera kuthengo ndi nkhwangwa, msana ukuwawa. Ng'ombe anali nazo ziwiri zokha, zapagoli, koma ndizo zinali manja ake. Popanda izo munda wa chimanga ukanagona.

Kuseri kwa mudzi kunali dibi lakale, limene linasiyidwa iye asanamere ndevu. Dzenje lake linali litakwiririka, koma mpanda wa simenti momwe ng'ombe zinkaima zikatuluka m'mankhwala unali chilili. Gabrieli atauona, mtima unangoti myaa. Khola laulere! Chiswe chidye simentiyo tione.

"Bambo a Mwayi," anatero mkazi wake Zelipa, "pamalo paja ngakhale udzu umakana kumera. Bwanji mukafunse kaye alangizi a ziweto?"

"Ndikafunse chiyani? Mankhwala a nthawi ya makolo angakhale ndi mano mpaka lero? Ndisiye iwe, ndatopa ine."

Analowetsamo ng'ombe zija. Zitayamba kunyambita dothi la m'mbali, iye ankangoseka, amvekere zapeza mchere wosagula. Mvula yoyamba itagwa madzi anadikha m'kholamo, ng'ombe n'kumwa.

Sipanapite nthawi. Zinayamba kutsegula m'mimba, dovu lili chuchuchu, miyendo ikunjenjemera. Pamene mlangizi ankafika pa njinga yamoto n'kuti imodzi itafa kale, inzakeyo ikupalapata pansi. Anayang'ana mpandawo, anayang'ana Gabrieli, n'kupukusa mutu.

"Ndi aseniki ameneyu, bambo. Kale ankaphera nkhupakupa m'madibi, koma ndi poizoni wosaola, amangokhala m'dothi. Mukanandifunsa ndikanakuletsani. Nyamayi musadye, musagulitse. Mukwirire mozama."

Yachiwiri ija nayo inafa. Kalanga ine, kukwirira ng'ombe! Munthu amene anathawa kudula mitengo ya khola anaswera padzuwa akukumba dzenje lokwana ng'ombe ziwiri. Zelipa sanamunyoze. Anangolowa m'nyumba n'kutulutsa makasu akale, amene mipini yake inali itafumbwa.

Anzawo akulima ndi mapulawo, iwo anawerama ndi makasu, ndipo nthawi yobzala inatha theka la munda likadali tchire. Goli linatsala potsamira nkhokwe, chiswe chija n'kuyamba kulidya. Gabrieli ankaliona m'mawa uliwonse, osalichotsapo, mtima ukumupweteka.

Akuluakulu sananame: safunsa anadya phula.