Kakiyi pa foni ya ahedi

Panali ahedi ena, a Mbvundula, amene anatseka mpira ndi mafilimu pa intaneti ya sukulu. Tsiku lina anagwira Tinenenji wa Fomu 3 akudutsa mseri ndi VPN, pulogalamu ya pa foni yozembera chiletsocho.

"Mawa pa asembule utchule anzako onse, apo ayi ulongedze uzipita kwanu!"

Tinenenji anagwada mwaulemu, diso lili pa foni ya ahedi patebulo.

Kutacha anaima kutsogolo. "Bwana, poyamba kwezani foni yanu, anzangawa aone mmene yosalakwa imaonekera."

Ahedi anaikweza monyadira.

"Tsono yolakwa, ya VPN, imakhala ndi kakiyi pamwamba," anatero Tinenenji.

"Si ako kakiyi!" unakuwa mzere wonse wakutsogolo.

Ahedi anaponya foni m'thumba. "Chete! Tiimbe nyimbo ya fuko."

Tinenenji sanalongedze ngakhale sokosi imodzi.