Kagalu Kamene Kanaphunzira Kupalasa

Thadzi anali nkhuku yaphuma, ya mtundu uja wofunsa njira miyendo ili kale pa ulendo. Mdani wake anali Nyenga, amene ankamubera mazira dzuwa likuswa mtengo. Pa mazira khumi amene anaikira ulendo wina anaswa anapiye anayi okha, ndipo mtima unamuwawa kwambiri. Anaganiza zogula galu.

Galu wamkulu sankamufuna, poti akanamupondera ana ndi kumumalizira madeya. Ankafuna kamtundu kakang'ono, kotha kulowa pakhomo la khola ndi kulondola Nyenga mpaka ku una wake. Woweta agalu otere anali Bulu, tsidya lina la dambo. Bulu anali wodekha mochita kutopetsa: ukamupatsa moni m'mawa, yankho linkabwera mame atauma.

Thadzi anapeza tiagalu tinayi tikuyamwa kwa make, titangotsegula kumene maso. Sanakhale n'komwe pansi. Analoza kamawangamawanga.

"A Bulu, aka ndinyamula lero."

"Mayi, kadikireni milungu isanu," anatero Bulu. "Za mkaka si nkhani, phala kangathe kumwa. Koma kuuwa, kununkhiza ndi kudziwa mdani, timeneti timaonera kwa make. Ine kuuwa sindidziwa, ndipo inunso sindinakumvenipo mukuuwa."

"Galu n'galu basi. Alipo amene amaphunzitsa tambala kulira?"

"Dzulo kunabwera aneba anu a Bakha. Asankha kakudako, ndipo avomera kudikira."

"A Bakha ndi kayendedwe kawo kaja, kudikira anabadwa nako. Ine Nyenga sandidikira."

Bulu anakana kawiri, kachitatu anangogwetsa makutu. Thadzi anakhuthula dengu la mapira a malipiro, n'kuika kagalu m'dengu lomwelo. Panjira anakapatsa dzina loti Adzalapa, kuti Nyenga akalimva azidziwiratu.

Tisamunamizire Thadzi, kulera analera bwino. Phala silinkasowa, ndipo kukazizira ankamufungatira Adzalapa pamodzi ndi anapiye. Mwana amatengera zimene akuona, choncho Adzalapa anaphunzira kupalasa, kutola chiswe ndi kusamba fumbi. Kabawi akadutsa m'mwamba, Thadzi n'kuti "krrr", onse ankathamangira kunsi kwa mapiko, Adzalapa ali patsogolo. Thadzi ankangoseka, amvekere, "Mwanayu amandikonda."

Patapita miyezi, Thadzi anaikiranso mazira khumi ndi awiri. Ulendo uno anayenda mudzi wonse chifuwa chili patsogolo, kuuza aliyense kuti pakhomo pake pali mlonda. Anachita kutuma uthenga kwa Nyenga kuti ngati ali mwamuna abwere adzaone.

Nyenga anabweradi, masanasana monga mwa chizolowezi chake. Ataona galu pakhomo la khola anaima, mwendo umodzi uli m'malere, maso akufunafuna kothawira. Thadzi anatambasula mapiko mwaukali.

"Krrr! Adzalapa, ndi ameneyo!"

Koma "krrr" Adzalapa ankamudziwa bwino. Anathamanga liwiro la mtondo wadooka n'kudzilowetsa kunsi kwa mapiko. Poti tsopano anali atakula, ananyamula Thadzi yense pamsana, miyendo ya Thadziyo n'kumangopalasa mphepo.

"Amayi, ndifungatireni bwino," ananong'ona Adzalapa. "Mchira wanga ukuonekera."

Nyenga anatsitsa mwendo uja pang'onopang'ono. Analowa m'khola ngati mwini wake, n'kuyamba kututa mazira limodzilimodzi, osathamanga n'komwe. Thadzi anakuwa mpaka mawu anasasa, koma sanathe kutsika pamsana pa mlonda wake. Potenga dzira lomaliza, Nyenga anaima kuti atsanzike.

"Mwana wanu wamiyendo inayiyu ndi waulemu, mayi. Muzimulera chomwechi."

Dyera linamutuma Nyenga kuti akaonjezere ndi mazira a kwa Bakha. Sanafike n'komwe pa mpanda. Kunamveka phokoso lakuthwa, fumbi linati koboo, ndipo Nyenga anadutsa ngati mphepo, kagalu kakuda ka Bakha kali pamchira pake mpaka kudambo.

Adzalapa anasuzumira pakati pa nthenga, maso ali tong'o.

"Amayi, chaphokoso choopsacho n'chiyani?"

"Ndi m'bale wako wa bere limodzi, mwanawe," anayankha Thadzi, misozi ikulengeza. "Akuuwa."

"Kuuwa n'kutani, amayi?"

Thadzi anayang'ana chisa chopanda kanthu, anayang'ananso mwana amene anadzilelera yekha. Anatsegula mlomo kuti amuonetse, koma chimene chinatuluka ndi "krrr". Adzalapa anabwereranso kunsi kwa mapiko.

Phunziro: Kuona maso a nkhono n'kudekha. Chimene wachitenga nthawi yake isanakwane chimakusiya pamavuto tsiku limene ukuchifunitsitsa, ndipo mwana sangachite chimene sanachionepo kwa womulera.