Mbewa Afulumiza Bowa

Kale, kumpoto kwenikweni kwa dziko, kumene mitengo simera ndipo dothi la pansi limakhala loundana chaka chonse, kunali mbewa yaubweya wambiri dzina lake Nachangu. Pansi pa nyumba yake pankakhala Bowa. Uyu sanali bowa wa kaambulera uja timazula pachulu ayi, koma thupi lake linali timaulusi toyera, topyapyala kuposa ukonde wa kangaude, toyanga m'dothi monse. Awiriwa mkangano wawo unali umodzi wokha: Nachangu ankati Bowa ndi wochedwa.

Nachangu kudikira sankakudziwa. Ankadya ali chiimire, moni ankapereka akuthamanga, ndipo ana ake asanu ndi awiri anawapatsa dzina limodzi kuti poitana asamataye nthawi. Bowa ntchito yake inali kudya masamba akufa ndi udzu wakale n'kuzisandutsa manyowa oti udzu watsopano umerepo. Koma chifukwa cha kuzizira, tsamba limodzi ankalidya zaka zitatu.

Zimene Bowa ankalephera kumaliza zinkangounjikana chaka ndi chaka, mpaka zinapanga kachitunda kofewa, ndipo pamwamba pake panamera ndere yochindikala ngati bulangeti. M'kachitunda kameneka ndi mmene makolo a Nachangu anakumba mauna awo. Munali mouma, motentha bwino, ndipo pansi pake panali madzi oundana olimba ngati mwala. Koma Nachangu zonsezi sankaziona, ankangoona zinyalala pakhomo.

"Kodi inu a Bowa, manyazi mulibe?" anatero tsiku lina, akusesa mwaukali. "Makoko awa anataya ndi mayi anga ine ndili khanda, mpaka lero ali pomwepo. Udzu wa pano ndi wonyozoloka, ana anga akuonda, zonsezi chifukwa cha ulesi wanu!"

"Ine... mayi... ndimadya..." Bowa anayamba kuyankha. Mawu achinayi asanatuluke, Nachangu anali atafika kale kudambo.

Itafika nyengo imene dzuwa la kumeneko sililowa, kunatera Tsekwe. Iyeyu nyengo yozizira ankaithawira kumayiko otentha, ndipo sankatha kutsegula mlomo osayamba ndi mawu akuti "kumene ndachokera". Nachangu anamudandaulira za Bowa, Tsekwe n'kuseka mpaka kugwedeza mapiko.

"Kumene ndachokera ine, bowa amamaliza chipika chathunthu dzinja limodzi," anatero. "Udzu umatalika mpaka kubisa ng'ombe. Wanuyu si waulesi, wangozizidwa basi. Nanga dothi mwalifunditsa ndere chonchi, dzuwa lilowera pati?"

"Ndiye tichite bwanji, bambo?"

"Palani ndereyo, dothi liwothe dzuwa. Zinthu zosavuta ngati zimenezi mpaka akuuzeni mlendo?"

Nachangu anathamangira kunyumba n'kuika mlomo pansi. "A Bowa, kodi mutafunda mungadye msanga?"

"Eee... ndingadye... koma..."

"Basi, zamveka!" anatero Nachangu, n'kuitana ana onse.

Anapala ndere masiku anayi osapuma, n'kukaitaya kutali. Dothi lakuda linatsala poyera, dzuwa n'kumaliwomba osalekeza. Pa tsiku lachisanu Bowa anadzinyolola koyamba m'moyo wake, ndipo sabata isanathe makoko a mayi ake a Nachangu anali atazimiririka.

Chaka chimenecho udzu unamera wobiriwira ndi wonona, woti sanauonepo. Ana ananenepa mpaka kumakanirira pakhomo la una. Mbewa za m'zitunda zina zinkabwera kudzaona, ndipo Nachangu ankaziyendetsa pabwalo lake loyera mutu uli m'mwamba. "Waulesi amangofunika womudzutsa," ankatero, ndipo anapalanso ndere yotsala kuseri kwa nyumba kuti ntchito ithamange kwambiri.

Chaka chotsatira, nyengo ya dzuwa itangobweranso, Nachangu anadzuka msana uli chinyezi. Mphasa yake ya udzu wouma inali itayanga timaulusi toyera, ndipo ataikoka inangoyoyoka. Anathamangira kunkhokwe kumene ankasungako udzu wa ana, n'kupeza phala lakuda lonunkha. Atatsamira khoma, dzanja linalowa mpaka m'chigongono.

"A Bowa!" anakuwa. "Ine ndinati zinyalala, osati mphasa yanga!"

Bowa tsopano ankayankhula mothamanga ngati madzi a pamathithi. "Mayi, ine maso ndilibe, chilichonse chakufa kwa ine ndi chakudya. Mphasa yanu ndi udzu wakufa, nkhokwe yanu ndi udzu wakufa, khomali ndi denga lomwe ndi udzu wakufa. Kalenso ndinkadya zomwezi, kungoti chaka chilichonse pankagwa zatsopano zambiri kuposa zimene ndinkameza."

"Ndiye lekani! Bwererani ku ulesi wanu uja, ndakupemphani!"

"Njala ikadzuka saigoneka ndi mawu, mayi."

"Koma tamverani, ana anga akagona ku..."

"Pepani, ndili pakati pa chipinda chanu chochezera," anatero Bowa. "Tikambirana ndikamaliza."

Nachangu anathamanga kukafuna ndere imene anataya ija kuti afunditsenso dothi, koma inali itauma kalekale, mphepo n'kuimwaza. Anakazula ina kudambo n'kuibzala pamwamba pa nyumba, n'kuima pambali akupondaponda. "Iweyo utenga masiku angati kuti uphimbe pano ponse?" anafunsa. Koma pa kuchedwa, ndere inkaposa ngakhale Bowa wakale.

Kutentha kunapitirira kulowa pansi mpaka kunafika pa madzi oundana aja, amene ananyamula kachitundako chiyambire. Anayamba kusungunuka. Mauna apansi anadzaza madzi, apakati anagumuka, ndipo kachitunda konse kanayamba kutitimira ngati mkate wosapsa. Tsiku lina masana denga linang'ambika, ana onse n'kutsala pamtetete, anyowa, akulira.

Kunalibe mtengo kapena chitsamba chobisalamo, ndipo Kadzidzi woyera, amene m'dziko limenelo amasaka ngakhale masana, anali atakhala kale pamwala akuonerera. Nachangu anayamba kusamutsa ana mmodzimmodzi, atawaluma pakhosi, kupita ku chitunda cha msuweni wake kutsidya kwa dambo. Anathamanga kuposa mmene anathamangirapo m'moyo wake wonse. Koma pobwerera ulendo wachisanu ndi chiwiri anangopeza nthenga imodzi yoyera ikuyandama, mwana palibe.

Anakhala pansi m'matopemo. Aka kanali koyamba kuti Nachangu akhale pansi osachita kanthu, ndipo anakhala nthawi yaitali, madzi akukwera pang'onopang'ono mpaka m'chiuno.

Pamene panali nyumba yake panasanduka dziwe, m'mbali mwake muli udzu wonona uja. Tsekwe anatera pamadzipo, anasambira mozungulira kawiri, n'kuyamba kubudula udzuwo mokoma. "Eya, tsopano pano payamba kufanana ndi kumene ndachokera," anatero m'kamwa muli tho. "Mwagwira ntchito, mayi, musamangokhala ndwii chonchi." Mphepo yozizira itayamba kuwomba, iye anatambasula mapiko n'kubwerera kumayiko otentha osatsanzika.

Msuweni wa Nachangu anamupatsa kachipinda kakumapeto, kopanikiza, kamene pakhomo pake panali mulu wa makoko a mibadwo itatu. Nachangu anawayang'ana, anagwira tsache, kenaka analibweza pamalo pake. Pansi pa chitunda chimenechi pankakhalanso Bowa wina, mbale wake wa uja, wozizidwa ndi wogona tulo tofa nato.

Changu chokha sichinamuchoke Nachangu. Dzuwa likangotentha pang'ono, ankathamanga uku ndi uku kutola zibenthu za madzi oundana zotsalira m'mithunzi ya miyala n'kumaziunjika paliponse pamene ndere yang'ambika. Mwana akangokanda pansi posewera, khofi linali litamufika kale. Ndipo tsiku lililonse ankaika khutu padothi n'kunong'oneza mwaulemu wonse kuti, "Musavutike, a Bowa, palibe chofulumirira." Bowa ankayamba kuyankha kuti zikomo, koma pofika pomaliza mawuwo nyengo inali itasintha.

Phunziro: Usanadzutse amene ukumuyesa waulesi, yamba wafunsa chimene adzadye akadzuka, ndipo udikire yankho lake mpaka kumapeto. Nthawi zina kuchedwa kwa mnzako ndi kumene kwagwira denga lako.