Mmene Gologolo Anatsitsira Pikapu ya Malemu Bambo Ake

Kalekale, nyama zisanasiye kuyendetsa magalimoto, kunali Gologolo. Ana inu senderani kuno. Akuluakulu mwakhala kumbuyoko khalani komweko, mawu anga amafika.

Gologoloyu sukulu anailekeza panjira. Chimene ankadziwa n'kugwira sipanala ndi chiwongolero, poti bambo ake anali ndi pikapu yochitira matola. Inali yakale, yaitali miyendo. Inkanyamula matumba a chimanga, mitolo ya nzimbe, odwala opita kuchipatala, osadandaula.

Kenaka bambo aja anadwala. Nthawi yonse ya matenda, pakhomo pankangoyenda mphepo. Atatsikira kulichete, abale anatuluka ngati ngumbi mvula itakata. Patsogolo pawo panali Mvuu.

"Ine ndine mkulu wake wa malemu," anatero Mvuu.

Musandifunse kuti mvuu ndi gologolo anabadwa bwanji mimba imodzi. Pakhomo pamene paima pikapu aliyense ndi m'bale.

Mvuu analira kuposa namfedwa. Analira maso ali pagalimoto. Tsiku lometa, tsitsi lisanasesedwe n'komwe, anatambasula dzanja.

"Makiyi, mwana iwe."

Gologolo anayang'ana akuluakulu. Akuluakulu anayang'ana zala zawo zakumapazi ngati akuziona koyamba. Mumtima Gologolo anali atakonza mawu oopsa, oti Mvuu akawamva athawire kudambo. Koma pakamwa panatuluka akuti, "Ndi awa, bambo aakulu." Anachita kugwada popereka, chitsiru.

Tsono Mvuu kuyendetsa sankadziwa, ndipo pachitseko cha kutsogolo sankakwana.

"Uziyendetsa ndiwe," anatero. "Ine ndizikhala kumbuyo. Usamati sindikulera."

Kukwera kumbuyoko ndiye inali ntchito. Miyendo ya Mvuu mukuidziwa. Ankaponya mwendo umodzi, mimba lende, kenaka pansi phii. Ankaponyanso, mimba lende, pansi phii. Ana a m'mudzi ankasiya masewera kudzaonerera. Akafika pothira mafuta, Mvuu ankabuula ngati akumuzula dzino.

Gologolo ankaona zonsezi pagalasi, nzeru n'kumamera pang'onopang'ono.

"Bambo aakulu," anatero tsiku lina, "vuto si miyendo yanu ayi. Miyendo yanu ndi yaulemu. Galimotoyi ndi imene ilibe mwambo, yatalika kuposa mwini wake. Kutauni mabwana sakwera galimoto, amangokhalapo ngati pamphasa."

"Ndiye titani?"

"Tiitsitse."

Kunsi kwa pikapu kuli masipuling'i, zitsulo zazitali zosanjikizana chimodzi pamwamba pa chinzake. Ndi zimene zimaimika msana wa galimoto. Gologolo anaika jeke, n'kulowa kunsi, gwe gwe gwe, n'kusolola chitsulo chimodzi uku, chimodzi uko. Pikapu inagwada pang'ono. Mvuu anaponya mwendo, n'kukwera osagwa.

"Nanga zitsulozi?" anafunsa.

"Gogomole wosula uja amazifuna. Amasulira nkhwangwa."

Mvuu anazitengera kwa Gogomole. Anabwerako madzulo akuimba, fungo la kachasu lili patsogolo, iye pambuyo.

M'mawa mwake anati, "Ikadali yaitali, mwana iwe. Solola zina."

Gwe gwe gwe, pikapu inagwadanso. Gwe gwe gwe, inagwadanso. Gologolo kunsiko ankaseka yekha, poti msampha unali kuyenda bwino. Akanalekera pomwepo. Koma munthu wa sukulu yolekeza, nzeru ikamukomera sadziwa poimira. Anawonjezera kuti, "Komanso galimoto imamwa mafuta chifukwa cholemera. Ikapepuka siimwa."

Iye ankanena tayala la sipeya basi. Mvuu anamva zina.

"Chitseko chakumbuyochi n'chantchito yanji? Chotsa."

Gwe gwe gwe, kwa Gogomole.

"Bampala?"

"Imatchinjiriza, bambo aakulu."

"Ukufuna kugunda ndani? Chotsa."

Gwe gwe gwe, kwa Gogomole. Zitseko zakutsogolo zinapita. Denga linapita. Mvuu ankazungulira galimoto akugogoda apa ndi apo ngati akusankha dzungu, ludzu likumuuza chochotsa. Potsiriza analoza mpando.

Pampando umenewo panali dzenje limene bambo ake a Gologolo analikumba ndi kukhala kwa zaka zonsezo. Gologolo akakhalamo ankamira, makutu okha kuonekera.

"Umenewu ngwopepuka, bambo aakulu."

"Si iwe unati ikapepuka siimwa? Kapena unkandinamiza?"

Kukana kukanaulula msampha. Gologolo anamasula yekha mabawuti, ndi sipanala ya bambo ake. Akuti m'maso munalowa dzimbiri. Kuyambira pamenepo ankayendetsa atakhala pachitini.

Sipanapite nthawi, uthenga unafika woti tsidya la mtsinje kwamwalira Kamba, ndipo wasiya chigayo.

"Mphwanga ameneyo," anatero Mvuu, misozi itayamba kale. "Liza galimoto, Fisi asatitsogolere. Nayenso akuti ndi m'bale."

Msewu wopita kumeneko unali wa ngolo, matayala anakumba uku ndi uku, pakati n'kusiya mtumbira. Gologolo ankaudziwa ngati chikhatho chake. Pikapu inatsika kukhwawa, Mvuu ali kumbuyo. Khwee. Inayenda pang'ono. Khweee. Kenaka mimba ya galimoto inakhala pamtumbira, khathya, matayala n'kumangozungulira pafumbi.

"Yatani?"

"Yalemedwa, bambo aakulu."

"Chotsa china."

Gologolo anatsika, n'kuzungulira galimoto akuyang'ana bwinobwino. Anagogoda injini. Anagogoda chiwongolero. Anakweza chitini chake n'kuchibwezera.

"Injini tikachotsa sitiyenda. Matayala chimodzimodzi. Cholemera chatsala chimodzi chokha, koma ulemu ukundiletsa kuchitchula."

"Tchula, ndine bambo ako."

"Chakhala kumbuyoko."

Mvuu anacheuka kufunafuna. Kumbuyoko kunali iye yekha. Anatsika akung'ung'udza, ndipo pikapu inapuma, n'kudzuka, nyamu. Gologolo anaiyendetsa pang'ono, myaa, osakhudza pansi.

"Yachira," anatero Mvuu, n'kukweranso. Khathya.

Anatsika, nyamu. Anakwera, khathya. Anatsika, nyamu. Anayesa kukwera atagwira mpweya kuti apepuke. Khathya.

Apa n'kuti kumbuyo kwadzaza ngolo ndi njinga za opita kumaliro, poti njira inali imodzi yomweyo. Pagululo panalinso Gogomole.

"Iwe Gogomole, bweza zitsulo zanga," anatero Mvuu.

"Ziti, achimwene? Zija munamwera? Zina zikudula mitengo, zina zikulima. Ngati mukuzifuna, yendani khomo ndi khomo muzipempha makasu a eni."

Njati, mwini ngolo yoyamba, anafwenthera. "Chiphapha chatseka njirachi n'chandani? Mwini wake achinyamule pamutu, apo ayi nyangazi zimunyamula iyeyo."

Gologolo anagwada. Ulendo uno anagwada akudziwa chimene akuchita. "N'cha bambo aakuluwa. Ine ndine wantchito chabe."

Mvuu anayang'ana nyanga za Njati. Anayang'ana chiphapha. Anayang'ana kutsidya, n'kuona Fisi akukwera mtunda, atayamba kale kulira mokweza.

"Changa chiti? Ine chinthu chopanda zitseko ndichitani? N'cha mwana wa malemuyu. Bambo ake anamusiyira, aliyense akudziwa."

"Bwerezani, bambo aakulu, akumbuyoko sanamve."

"Ndati n'chako. Imfa ya mphwanga Kamba ikundipweteka, usandichedwetse." Ndipo anathamanga, di di di, kulondola chigayo.

Akuluakulu amene anali pangolo anagwedeza mitu. "Zoona, ifenso timadziwa kuti n'cha mwanayu." Pakamwa pawo panatseguka tsiku limenelo, galimoto itatha.

Gologolo anatembenuza pikapu n'kubwerera kwawo, mchira uli m'mwamba, akuliza hutala njira yonse. Mayi ake anatuluka m'nyumba. Anayang'ana kutsogolo, anayang'ana kumbuyo, anasuzumira kunsi.

"Ndailanditsa, amayi."

"Walanditsa chiyani, mwanawe?"

"Galimoto ya ababa."

"Bambo ako anasiya galimoto. Ichi ndi chitatanga cha matayala." Anaika dzanja pamene panali chitseko. "Komabe chiimike pamthunzi pomwe ankaimika."

M'mawa Gologolo anapita pasiteji kukayamba matola. Anakweza thumba limodzi la chimanga. Khathya. Analitsitsa, n'kukweza Nkhanga ndi dengu lake. Khwee, mpaka kumsika, Nkhanga akutukwana fumbi. Mpaka lero pikapu imeneyo imanyamula mbewa ndi abuluzi okhaokha, ndipo mvula ikagwa dalaivala amafunda tsamba la nthochi. Koma makiyi amagona nawo m'thumba, ndipo palibe m'bale anabweranso kudzawapempha.

Nthano yanga yakhala pamtumbira, siipitanso patsogolo, yathera pompano. Ana inu, tsiku lina mudzafuna kupeputsa galimoto ya bambo anu. Musadzayambire zitseko ngati Gologolo. Mudzayambire abale.